Ku Italy, kulondola agogo okanda pasta

23 Epulo, m'sitima yochoka ku Rome

Msonkhano umene unandibweretsa ku Italy watha dzulo. Anzanga apakira n'kubwerera kumudzi, ine ndatsalira. Mmodzi wachita kundifunsa pamaso ngati mutu ukuyenda bwino: kuthera alawansi yonse kukaona agogo akukanda ufa, chonsecho kwathu kuli nyumba yosakhoma malata?

Amene anandilowetsa m'chiyeso chimenechi ndi YouTube. Kuli tchanelo chotchedwa Pasta Grannies chimene anayambitsa mayi wina wa ku Britain, Vicky Bennison. Amayenda m'midzi ya ku Italy ndi kamera, kulowa m'makhitchini a amayi okalamba, ena opitirira zaka 90, n'kumawajambula akupanga pasta (chakudya cha ufa wa tirigu, monga sipageti) ndi manja kuti lusolo asapite nalo kumanda. Bandulo yanga yambiri yathera pamenepo. Sipageti imene ndinakula nayo ine ndi ya m'paketi, youma gwa, yothyola pakati kuti ikwane m'poto, yodya pa Khirisimasi pambali pa mpunga. Zoti pasta ingabadwe pathabwa ndi chala cha munthu ndinazidziwira m'makanemawo. Koma kanema amatha mphindi khumi zisanakwane, agogo aja akumwetulira, mbale ili patebulo. Ine ndikufuna ndikaone zimene kamera imadula.

Pa siteshoni ya Termini anthu ali piringupiringu. Ndachenjezedwa kokwanira za opisa m'matumba, ndiye kachikwama ka pasipoti kanali pamimba, dzanja lili pamwamba pake mpaka kukhala pampando. Tikiti ya ku Bologna ndalipira pafupifupi mayuro 50, poti kuno mtengo umakwera tsiku la ulendo likamayandikira. Ndi maola awiri ndi pang'ono. Tikudutsa Florence, sitima yalowa pansi pa mapiri ndipo yangokhala momwemo, kutuluka pang'ono, kulowanso. Makutu atseka. Pawindo ndikungoona nkhope yanga.

24 Epulo, Bologna

Mvula yawaza m'mawa koma sindinanyowe. Misewu ya mzinda uno ili ndi makonde ataliatali olumikizana nyumba ndi nyumba, moti ambulera ndi wongowolokera msewu. Khofi ukamwera choimirira pakauntala ndi yuro imodzi ndi masenti pang'ono; ukakhala pampando panja, khofi yemweyo amasintha mtengo. Ndamwera choimirira.

Pafupi ndi msika wakale ndapeza kasitolo kamene amayi amagwira ntchito kuseri kwa galasi, atavala zoyera, tsitsi atamanga. Amayi opanga pasta ndi manja amenewa kuno amawatcha sfogline. Nditaima panja nthawi yaitali, wamkulu wawo anandikodola kuti ndilowe ndikhale pakampando pakona, bola ndisagwire kanthu.

Muyeso wake ndi wosavuta kuloweza: magalamu 100 a ufa woyera wa tirigu pa dzira limodzi. Madzi ayi. Amaunjika ufa pathabwa, kuboola pakati, kuswera mazira, kutakasa ndi foloko, kenako kukanda ndi chikhatho. Mtanda ukasalala amauphimba, n'kuusiya theka la ola. Apa ndiye pamene kanema amalumpha. Theka la ola limenelo mayiwo sanakhale pansi. Apala thabwa, ayankha foni, akangana ndi mnyamata wobweretsa mazira.

Kenako anatenga mattarello, ndodo yosalala yotalika pafupifupi mita. Poyamba amadinda mtanda mwamphamvu. Ukayamba kutambasuka amaukulunga pandodo, kuutembenuza pang'ono, kuufunyulula, theka lake likulendewera m'mphepete mwa tebulo kuti kulemera kwake kuthandize kukoka. Manja amayamba pakati pa ndodo n'kumatsetsereka kumathero, kubwerera, kutsetserekanso. Ndinkayang'ana mikono yawo. Mayi wa msinkhu wa mayi anga, koma misempha ya m'mikono njo! Chinsalu cha mtanda chinakula mpaka kudzaza tebulo, chachikasu, chopyapyala moti mizere ya thabwa inkaoneka pansi pake. Anthu a kuno amati chifike poti ukachikweza uone tchalitchi cha San Luca chili paphiri kuseri kwake. Amakana makina chifukwa chitsulo chimasalaza kwambiri; thabwa ndi ndodo zimasiya timanthongo timene msuzi umagwirapo.

A Bologna saseweretsa zimenezi. Mu 1972 anakalembetsa ku ofesi ya zamalonda ya mzindawu kuti tagliatelle yeniyeni, pasta yodula ngati timalamba, ikapsa izikhala mamilimita 8 m'lifupi, ndipo chitsanzo chake chagolide chimasungidwa kumeneko. Mu 1974 analembetsanso zoika m'kati mwa tortellini, tipasta topinda tokhala ndi nyama m'kati. Ndinaseka nditamva, koma nditaona atsikana awiri akupinda tortellini kuseka kunatha. Kachidutswa kalikonse amaikapo kanyama, kupinda, kuzungulitsa kunsonga ya chala, kutsina. Kamodzikamodzi, tsiku lonse. Kilogalamu imapitirira mayuro 30 ndipo sindikuwada.

Kudzera pa foni yotanthauzira ndinafunsa mayi aja ngati ana awo anaphunzira. Anagwedeza mapewa. Akuti mdzukulu wawo ali pa ofesi ku Milan; amene amabwera kudzaphunzira masiku ano ndi alendo a ku Japan ndi ku America amene anaona pa intaneti. Kenako anandionetsa phewa lawo lamanja, n'kukwinya nkhope. Limenelo silinafune womasulira.

Madzulo ndadya tortellini za mumsuzi woyera wa nyama. Pa bilu panali mayuro 3 a coperto, ndalama yongolipirira kuti wakhala patebulo loyalidwa. Ndinayamba kuwerengera mu makwacha, ndinasiya pakati kuopa kudwala.

25 Epulo, njira ya ku Bari

Lero ndi holide, tsiku lokumbukira kumasulidwa kwa dziko lino mu 1945. Masitolo ambiri ndi otseka, ndipo ndakwera sitima ndili ndi botolo la madzi lokha. Ulendo wa maola pafupifupi asanu ndi limodzi.

Titadutsa Rimini nyanja ya Adriatic inatulukira kumanzere, nthawi zina pafupi kwambiri moti umaona miyala ya m'madzi. Cha ku Ancona mimba inayamba kulira mopanda ulemu. Bambo wina wachikulire amene anakhala moyang'anizana nane anamasula kapepala, n'kundikankhira taralli, timabisiketi tamchere tozungulira. Ndinakana kamodzi mwa mwambo. Iwo anangoti "mangia, mangia," n'kuyang'ana kumbali kuti ndisachite manyazi. Anatsika ku Pescara, kapepala kaja n'kundisiyira.

Cha ku Foggia dziko linayala, minda ya tirigu yobiriwira mpaka pamene maso alekezera. Uyu ndi tirigu wolimba, amene ufa wake, semola, umakhala wachikasu ndi wamiyalamiyala. Pasta ya kummwera imasiyana ndi ya ku Bologna pa chifukwa chimenechi: ufawu umagwirana wokha ndi madzi, sufuna dzira. Komanso kale kummwera kuno dzira silinali chinthu choswera mu ufa tsiku lililonse.

Ndafika ku Bari kutada, miyendo itatupa. Chipinda chili pamwamba, masitepe opapatiza, chikepe palibe.

26 Epulo, Bari

Kanjira ka Arco Basso, m'dera lakale la mzindawu moyang'anana ndi linga, ndinakadziwa ndisanawerenge chikwangwani. Ndakaona kambirimbiri pa foni. Makomo otsekula, makatani akuuluzika, matebulo panja, amayi atakhala pamipando ya pulasitiki akupanga orecchiette, kapasta kooneka ngati kakhutu.

Ndinafika m'mawa anthu asanachuluke, ndipo agogo ena ovala juzi yabuluu anandilola kuima pambali pawo. Amadula mtanda, kuugudubuza mpaka ukhale chingwe chonenepa ngati chala. Akatero amadula kachidutswa ndi mpeni wa patebulo wopanda nsonga, n'kukakoka ndi mpeni womwewo molimbika pathabwa. Kachidutswako kamapindika, ndipo zala zimakatembenuza pomwepo kakhale kachipewa, kunja kokhakhala, m'kati kosalala. Zonsezi m'kuphethira kwa diso. Maso awo sanali pathabwa n'komwe. Ankayang'ana mnzawo wa kutsidya, kukambirana nkhani imene inkaoneka kuti ndi ya munthu wina amene panalibe. Mpeni ukungoti khwe, khwe, khwe. Zikachuluka amazikokolera pa sefa ya waya kuti ziume.

Anandipatsa mpeni. Chimene kanema sangakuuze ndi kulemera kwa dzanja: ukapepuza kachidutswa kamangotsetsereka, ukalimbitsa kamang'ambika. Agogowo anaika dzanja lawo pamwamba pa langa n'kukoka nane. Dzanja louma, lofunda, lolimba kuposa mmene limaonekera. Pamenepo kanatuluka kabwino. Atachotsa dzanja, nkhani inabwerera pakale.

Itakwana 11 koloko kanjira kanadzaza. Gulu lotsika m'sitima yaikulu ya panyanja, wotsogolera atakweza kambendera, mafoni m'mwamba. Ena amafika kamera pafupi ndi nkhope ya munthu osapereka ndi moni womwe, kujambula, kupita. Osagula ngakhale kathumba ka mayuro ochepa. Agogo a juzi yabuluu anasintha nkhope, kumwetulira kwa pa ntchito, dzanja likuloza matumba. Inenso foni inali m'manja, ndiye sindingadziyeretse.

Pamatebulo ena panali matumba ambirimbiri a orecchiette zamitundumitundu, zofiira, zobiriwira, zofanana ndendende kukula kwake. Munthu amene waona liwiro la dzanja limodzi atha kuwerengera yekha kuti manja angapange zingati pa tsiku. Nkhani imeneyi inafika m'nyuzi mu 2024, pamene kunabuka mkangano woti ena mwa ogulitsa akusakaniza za ku fakitale n'kumati n'zamanja. Mu 2019 kunalinso phokoso lina, apolisi atalanda orecchiette pa lesitilanti ina chifukwa zinalibe chizindikiro chosonyeza kumene zachokera. Maganizo anga ndi akuti makanema ndi zithunzi zachita zonse ziwiri pa kanjira aka. Zabweretsa ndalama pakhomo pa amayi amene kale ankangogulitsa kwa anansi. Zabweretsanso anthu ochuluka kuposa amene manja angawadyetse, ndipo msika ukakula kuposa dzanja, katoni ya ku fakitale imapeza khomo lolowera. Ine ndagula kwa agogo aja, za pa sefa, zikadali zofewa.

Mayi wa nyumba imene ndikugona anandipeza nditaima m'khitchini ndi kathumba kanga, n'kundilanda. Anali ndi cime di rapa zomaliza za nyengo ino, masamba a mtundu wa tanaposi okhala ndi timaluwa tosaphuka. Anaziwiritsa mumphika umodzi ndi pasta. Pambali anatenthetsa mafuta a olivi ndi adyo, tsabola, ndi tinsomba tamchere timene tinasungunukira m'mafutamo. Kusakaniza, basi. Kuwawira kwa masambawo ndi kwa mpiru weniweni, moti ndikanatseka maso ndikanati ndili ku Dedza. Ndinafunsa za tchizi, anandiyang'ana ngati ndatukwana, n'kuwaza nyenyeswa za buledi zokazinga. Ndalama anakana.

28 Epulo, doko la Civitavecchia

Dzulo ndangogona ndi kuchapa. Lero tsiku lonse lathera m'njira: Bari mpaka Rome, kenako kasitima koima paliponse kukafika ku doko. Tikiti ya pepala ya kasitima kotere umayenera kuidinda pa kamakina usanakwere, apo ayi chindapusa. Mtsikana wina wa sukulu ndi amene wandilozera kamakinako.

Sitima ya pamadzi yopita ku chilumba cha Sardinia imanyamuka usiku. Chipinda chogona chandikanika mtengo, ndiye ndagula tikiti ya pabwalo, yogona pamene wapeza. Odziwa afika ndi mabulangete n'kulanda masofa onse. Ine ndapeza pakona pafupi ndi masitepe, chikwama ndatsamira. Madzi akuya ndimawaopa kuyambira kale, ndipo injini ikunjenjemeretsa pansi pamene ndagonapa. Ndatumiza uthenga kwa achemwali kuti akapanda kundimva mawa masana ayambe kufunsa. Ayankha kuti, "Mwaziyamba dala."

29 Epulo, Nuoro

Tafika ku Olbia kukucha, khosi litauma. Basi ya ku Nuoro ndinaidikira nthawi yaitali pamalo opanda pokhala. Msewu wake ndi wokwera, mapiri a miyala, nkhosa paliponse. Nuoro ndi tauni ya pamwamba, yamphepo, ndipo anthu ake sathamangira kumwetulira. Pa basi palibe anandiyankhula. Koma nditatsika n'kuima ndi mapu pa foni, bambo wina anangonyamula chikwama changa n'kundiperekeza mpaka pakhomo, osanena zambiri.

Chandibweretsa kuno ndi su filindeu, pasta ya timaulusi. Mu 2016 BBC inalemba kuti amayi atatu okha a banja limodzi, mmodzi mwa iwo Paola Abraini, ndiwo ankadziwa kuipanga, ndipo dziko lonse linayamba kuitcha pasta yosowa kuposa zonse. Kuchokera pamenepo makamera akhala akubwera. Mwini nyumba waimba mafoni angapo m'chilankhulo cha kuno, chimene foni yanga yalephera kutanthauzira, ndipo akuti mawa masana kuli mayi wina amene avomera kuti ndikaonerere.

30 Epulo, Nuoro

Khitchini wamba, wailesi ikulira pansipansi. Patebulo ufa wa semola, ndi timbale tiwiri: kena ka madzi amchere, kena ka madzi okha. Mayiwo anakanda nthawi yaitali kwambiri, kuposa onse amene ndawaona ulendo uno. Amakanda, kuima, kutsina mtanda, kuviika zala m'kambale kamodzi, kukandanso. Madzi amchere amalimbitsa mtanda kuti utanuke, madzi okha amaufewetsa. Ndinafunsa kuti amadziwa bwanji kambale koyenera. Anandigwiritsa mtanda. Anaviika zala, kukanda pang'ono, kundigwiritsanso, n'kundiyang'ana kudikira yankho. Kwa ine unali chimodzimodzi. Kwa iwo poyamba unali usanafike, tsopano wafika.

Ndiye anadula kachidutswa, kukagudubuza, kugwira uku ndi uku, kukoka, kupinda. Zingwe ziwiri. Kukoka, kupinda, zinayi. Amatero kasanu ndi katatu, ndipo m'manja mumatsala timaulusi 256, topyapyala ngati ulusi. Amatiyala pa chithireyi chozungulira chotchedwa fundu, kudula zotsalira m'mphepete, kutenganso mtanda wina. Thireyi ikadzaza amaitembenuza pang'ono n'kuyala mzere wachiwiri mopingasa, kenako wachitatu. Ikauma padzuwa imakhala chinthu chimodzi chooneka ngati nsalu, chimene amachiphwanya zidutswazidutswa pophika.

Kawiri konse ulusi unaduka ali pakati. Sanadandaule, anangoubweza mumtanda n'kuviika zala. Akuti tsiku la chinyezi mtanda umavuta, ndipo pali masiku amene amangosiya. Zodukazi m'makanema sindinazionepo kwenikweni, koma ndi pamene ndinaona kuti akudziwa chimene akuchita.

Mayiwa si a banja lotchuka lija. Anaphunzira ali wamkulu kale, ataona kuti alendo akuchokera kutali kudzafuna chinthu cha pakhomo pawo. Akuti miyezi yoyamba ankangotaya ufa. Tsopano ophunzira awonjezeka, amuna omwe, ndipo malesitilanti ena a m'tauni muno amaigulitsa. Apa ndiye makamera ndiwapatse ulemu wawo. Sangaphunzitse dzanja, koma anachititsa anthu a kuno manyazi abwino.

Usiku uno anthu anyamuka wapansi kupita ku tchalitchi cha San Francesco pafupi ndi mudzi wa Lula, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Amachita zimenezi kawiri pa chaka, mu Meyi ndi mu Okutobala, ndipo filindeu kwawo kwenikweni ndi kumeneko. Mwini nyumba wandibwereka tochi ndi jekete la mwamuna wake. Wayang'ana nsapato zanga n'kupukusa mutu.

1 Meyi, Lula

Ndikulemba nditakhala pakhoma, nsapato zili pambali.

Tinanyamuka pakati pa usiku. Poyamba kunali kucheza ndi kuseka, ena akupemphera korona, achinyamata akuthamangira kutsogolo. Titatuluka m'tauni mdima unagwira ndipo mphepo inalowa m'mafupa. Kutali kunkamveka mabelu a nkhosa ndi agalu. Pena gulu linatalikirana, ndinapezeka ndili ndekha pakati, tochi za kutsogolo zitakhota. Mantha anandigwira enieni. Ndinayamba kudzifunsa kuti mwana wa ku Malawi akagwa m'phompho la ku Sardinia chifukwa cha pasta, pamaliro adzalalika zotani. Amayi awiri apachibale anandipeza, n'kundiika pakati pawo. Mmodzi anali ndi khofi mu fulasiki, wina zidutswa za pane carasau, buledi wopyapyala wokhukhuluza wa abusa a nkhosa. Sitinamvane chilankhulo. Ndikatsalira ankangoti "piano, piano," n'kuchepetsa liwiro.

Chakumapeto ndinkangowerenga mapazi. Matuza awiri anaphulika pachidendene chakumanzere.

Tafika dzuwa litatuluka. Tchalitchi ndi choyera, chozunguliridwa ndi tinyumba togona apaulendo. Kuseri amuna anali atayatsa moto kalekale pansi pa miphika ikuluikulu ya msuzi wa nkhosa. Zidutswa za filindeu amaziponya mumsuzi wowira kwa mphindi zochepa, n'kuthiramo tchizi chatsopano cha mkaka wa nkhosa chowawasa pang'ono, chimene chimasungunuka n'kumatanuka pa supuni. Aliyense wofika amapatsidwa mbale, ulere, osafunsidwa kuti ndiwe yani kapena umapemphera kuti. Kukana akuti n'kunyoza woyera mwini malo.

Timaulusi tija mumsuzi timafewa koma sitisungunuka, umatimva palilime tili tokhatokha. Fungo la nkhosa ndi lamphamvu, wosazolowera atha kubwerera nalo. Ine ndinamaliza, mnyamata wogawa anandithiriranso ndisanapemphe.

Pano ndi pamene ndamvetsa chifukwa chake pasta yovuta chonchi sinafe pamene odziwa anatsala owerengeka. Chaka ndi chaka pamakhala khamu la anthu otopa ofunika kudyetsedwa pamalo ano, ndiye wina amayenera kuyamba kukoka ulusi milungu ingapo chikondwerero chisanafike. Ojambula analipo, awiri kapena atatu, mmodzi ndi kamera yaikulu paphewa. Anajambula miphika, nthunzi, ndi agogo ena okongola nkhope. Amayi otsuka mbale kuseri, amene manja awo anali atachita makwinya ndi madzi, palibe anawalozetsa kamera. Ndinapita kukathandiza kupukuta, anandibweza kuti ndikakhale pansi, mlendo sagwira ntchito.

Lero ndi holide ina, ndipo za mabasi palibe amene akundiyankha zomveka. Amayi apachibale aja akuti mlamu wawo abwera ndi galimoto masana, malo alipo ngati ndingalole kukhala kumbuyo ndi galu. Ndavomera. Nsapato yakumanzere ikukana kulowa, ndiye ku Nuoro ndikafika ndi sokosi.